Nsalu ya Unsembe ya Bambo Ake a Saveta

Saveta ndinakhala naye moyandikana moyo wanga wonse, ndipo amene amati anali wouma mtima ndi anthu oti sanatulutsidwepo m'nyumba chisanu chili pakati.

Bambo ake, a Partenie, anali wansembe wa mudzi wathu, monganso agogo ake. Kwathu kuno munthu amayamba wakwatira asanadzozedwe unsembe, ndipo wansembe akakhala wopanda mwana wamwamuna, tchalitchi chimapita kwa mkamwini. Ndiye mnyamata wina wa ku seminale, Nichifor, anayamba kusasowa pakhomopo. Ankadya pomwepo, kuimba ndi a Partenie, mpaka anamuveka Saveta mphete ya chitomero. A Partenie atangomwalira, Nichifor anaona kuti mwana wamasiye alibe womunenera kwa episkopi. Anakwatira mwana wa mwini chigayo, yemwe amalume ake ankadyera mbale imodzi ndi episkopiyo, n'kulandira tchalitchi chomwecho. Saveta ndi mayi ake anawatulutsa m'nyumba ya wansembe m'nyengo yozizira.

Chinthu chimodzi chokha ndicho Nichifor sanachipeze: nsalu ya unsembe ya banjalo, ija wansembe amavala m'khosi n'kuphimba nayo mutu wa munthu woulula machimo. Makolo athu onse anagwada pansi pa nsalu imeneyo. Nichifor anagula yake yonyezimira ku tauni, koma nkhalamba zinkanong'onezana kuti machimo ouluridwa pansi pa yatsopanoyo sachoka. Nkhaniyi inamudya mtima mpaka anamera imvi.

Saveta sanakwatiwe. Ankaweta nkhosa ndi kuluka masokosi, ndipo akafuna kuulula ankadutsa phiri kupita kumudzi wina. Koma Lamulungu lolowera Lenti, pamene tonse timapepesana m'tchalitchi, sankajomba. Wina akati, "Ndikhululukireni," mnzake amayankha kuti, "Mulungu amakhululuka, nanenso ndakhululuka." Nichifor akamuweramira, Saveta ankangoti, "Mulungu amakhululuka," basi. Ine, ndisaname, zinkandikoma.

Nichifor atadwala mwakayakaya, mwana wake Toader, amene anali atadzozedwa kale, anabwera kwa Saveta.

"Azakhali, bambo akukuitanani. Akuti aulule komaliza pansi pa nsalu ija."

"Yawo ija yasiya kunyezimira?" anafunsa Saveta. "Tiye, tsogola."

Ndinamuperekeza, ndipo anapita chimanjamanja. Wodwalayo sanayang'ane nkhope yake, anayang'ana m'manja.

"Saveta, ndikhululukire."

"Mulungu amakhululuka."

Nichifor anadikira, mpweya ukuvuta kutuluka. "Nanga iweyo?"

"Ine ndikadali panja, Abambo, pomwe munandisiya ndi mayi anga paja. Simunanditsegulirebe."

Apa ndiye sizinandikome. Ndinachita mantha, ndinangoyang'ana pansi.

Nichifor atamwalira, tinamuika m'manda atavala nsalu yake ya ku tauni ija. Titabwerako, anthu atakhala pa chakudya cha pamaliro, Saveta analowa atakupatira kamtolo. Anamasula pamaso pa ife tonse. Nsaluyo inali itasuluka, ndipo pamene mitu ya anthu inkakhudza panali patada. Nkhalamba zinaimirira n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Anaiika m'manja mwa Toader. "Ndi yako, mwanawe. Mudzi usakhalenso wopanda nsalu yake. Iwe sunandilakwire."

Toader anaipsompsona, misozi ili chuchuchu. "Azakhali, bwanji simunabwere nayo dzana lija?"

"Chifukwa bambo ako akanaiona," anatero Saveta.