Mapazi Pansi pa Katani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chowatopetsa amalume. Nditamaliza sukulu kwathu ku Salima, mayi ananditumiza ku Rumphi kumene amalume ankagwira ukalaliki pa boma, ati mwina kumeneko ndikapeza chochita. Chochitacho sichinapezeke msanga, ndipo ndinkangokhala pakhonde kudandaula za mphepo ndi Chitumbuka chimene sindinkamva. Tsiku lina amalume atabwera kudzadya nkhomaliro anati, "Kwa a DC akufuna makalaliki a chisankho cha aphungu. Upite mawa, mwina makutu athu apumeko."

Anatiphunzitsa ntchitoyo mu holo ya pa boma. Achinyamata a lero sangamvetse, choncho ndifotokoze. Chipani chinali chimodzi, koma ofuna uphungu ankatha kukhala awiri kapena atatu m'dera limodzi, onse achipani chomwecho. Zochonga papepala kunalibe. Wopikisana aliyense ankakhala ndi bokosi lake lachitsulo, chithunzi chake chitamatidwapo, ndipo mabokosiwo ankaikidwa kuseri kwa katani. Wovota ankaonetsa chiphaso, ife n'kupeza dzina lake m'kaundula, kulidula ndi rula ndi pensulo, kudinda pepala, kumuviika chala mu inki. Kenako ankalowa yekha kuseri n'kuponya pepalalo m'bokosi la munthu amene wamufuna.

Ine ananditumiza ku sukulu ina ya m'mapiri kumtunda kwa Nchenachena. Landirova inatisiya pamene msewu unathera, ndipo mabokosi tinachita kusenza kudutsa m'minda ya khofi. Oyang'anira malo athu anali a Msiska, ahedi opuma pantchito, mkulu wa mpingo. Ankayankhula pang'onopang'ono moti ine, wopupuluma chibadwire, ndinkafuna kuwamalizira mawu. M'dera limenelo opikisana anali awiri. Wina anali mwini golosale, mng'ono wawo wa atcheya a chipani m'mudzimo. Winayo anali mphunzitsi wakale.

Masana a tsiku loti mawa lake ndi chisankho, ndinapita kukasupe kukatunga madzi osamba. Kumeneko ndinapeza mayi wina wamsinkhu wanga, mwana kumbuyo. Anadikira amayi ena achoke, kenako anandiyandikira.

"Monire amama. Ndimwe a mavoti? Ine ndine NyaMhango. Ndiuzeni, kuseri kuja munthu amakhala yekha nadi?"

"Yekhayekha," ndinatero monyadira, ngati malamulowo ndinalemba ndine. "Ngakhale a DC saloledwa kusuzumira."

Anandifotokozera m'Chichewa chake chosakaniza. Iye anakwatiwa kwa mwana wa atcheya. Koma mphunzitsi uja anali amalume ake, amene anamulera bambo ake atamwalira. Apongozi akewo anali atanena poyera kuti aliyense wodya pakhomo pawo amene aponye kwa mphunzitsi alongedze azipita. Ine ndinayankha mwakwathu kuti, "Ndiye vuto lili pati? Mungotenga ana anu n'kumapita." Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. "Uko ndi kwanu, amama. Kuno ng'ombe za malowolo zikapita, ana ndi a kuchimuna. Ndingachoke ndekha, ana atatu n'kutsala." Sanandiuze bokosi limene ankafuna. Ankangofuna kudziwa ngati pali diso limene lidzamuone.

M'mawa kutacha tinakonza chipinda cha Sitandade 3. A Msiska anazondotsa mabokosi onse awiri pamaso pa anthu kuti aone kuti mulibe kanthu, anakhoma maloko, ine n'kusungunula phula lofiira pa kandulo kumata pa chingwe. Tinaika mabokosiwo pa madesiki awiri kungodya, lina kumanzere, lina kumanja, n'kumanga chingwe kuchokera pa zenera kufika pa msomali wa pakhoma. Titapachika katani imene anatipatsa ku boma, tinapeza kuti ndi yaifupi. Tikaitsitsa, mitu inkaonekera. Tikaikweza, pansi pankatsala mpata wofika m'misongolo. Tinasankha kubisa mitu.

Atcheya anafika anthu atayamba kale kuvota. Musaganize kuti anali munthu woopsa. Anali wamfupi, wansangala, ndipo anatibweretsera phava la nthochi. Anapereka moni kwa aliyense, kenako anatenga kampando kakafupi ka ana n'kukhala chotsamira khoma, moyang'anizana ndi katani. "Ndizithandiza bata," anatero. Palibe anawaletsa. Masiku amenewo munthu wa chipani ankakhala pamene wafuna.

Sipanatenge nthawi kuti ndione zimene zinkachitika. Munthu akalowa kuseri, maso a atcheya ankatsika pansi. Mapazi a anthu a mudzi wako umawadziwa: awa a nsapato za matayala, awa a chala chopindika, awa a ming'alu. Ndipo ngakhale usawadziwe, mwini wake wangolowa kumene iwe ukuona. Mapazi akapita kumanzere, kwa mwini golosale, atcheya ankagwedeza mutu pang'ono. Akapita kumanja, ankangokhosomola. Uthenga unafika pamzere kunja, ndipo kuyambira pamenepo mapazi ambiri ankangolunjika kumanzere.

Ndinawerama ngati ndikufuna inki n'kunong'oneza a Msiska.

"Ndaona, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. "Dinda mapepala."

"Ndikatseke pansipo ndi benchi?"

"Ukatseka, atifunsa chimene tikubisira chipani. Yankho uli nalo?"

Ndinabwerera pa chidindo. Koma mtima unandipsa. Ndinawaona a Msiska ngati munthu wamantha, wa tayi ndi Baibulo chabe. Chidindo ndinkachimenya patebulo mwamphamvu moti mnzanga wa kaundula anandiponda phazi. Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali mawu anga a kukasupe aja. Ndikasuzumira pa zenera ndinkamuona NyaMhango pamzere wa amayi, akusunthira kukhomo pang'onopang'ono, ndipo ndinkalakalaka atangodwala mutu n'kubwerera.

Nthawi yake itakwana anafika pakhomo, anaona apongozi ake m'katimo, ndipo anagwada pompo. Kumeneko mkazi wa mwana wako amatchedwa mkamwana, ndipo mkamwana sadutsa choimirira pamaso pa bambo a mwamuna wake, sakhala nawo pafupi, sawayang'ana kumaso. Anangoti zyoli pakhomo, chiphaso chili m'manja. Mzere unaima. Wapolisi anamuuza kuti alowe, iye osasuntha.

Apa ndi pamene a Msiska anavula magalasi awo n'kuwapukuta, mosafulumira ngati kale. Kenako anayankhula mokweza, kuti ndi a panja omwe amve.

"Atcheya, tili ndi vuto la mwambo. Uyu ndi mkamwana wanu. Katani yathu mukuiona, boma latipatsa yaifupi. Kodi mwana uyu alowe kuseriko, miyendo yake ili pamtunda, inu adada ake muli pansi pomwepo mukuyang'ana? Ine ngati mkulu wa mpingo ndikuchita manyazi."

Panja amayi anagwira pakamwa. Agogo ena pamzere wa abambo anafuula kuti, "Soni, adada, soni!" kutanthauza manyazi, ndipo anthu anaseka. Atcheya anadzambatuka ngati akhalira nyerere. Nawonso anaseka, koma thukuta linali litatuluka pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Yayi, yayi, a Msiska, ine si munthu wotero. Nditulukeko pang'ono mwanayu avote."

"Yewo chomene. Koma pamzerepa ndikuona akamwana anu enanso, ndi a abale anu. Mudzatopa n'kutulukatuluka. Tikuikireni mpando wabwino padzuwa, bata muzilionera kumeneko." Atatero anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, goneka mabenchi awiri pansi pa katani, tisunge ulemu wa amayi."

Sindinayambe ndanyamulapo benchi mwachimwemwe chotero. Ndinawagoneka cham'mbali, mpata wonse n'kutsekeka. Atcheya sakanatha kunena kuti tichotse, chifukwa anthu onse akanafunsa chimene akufuna kuona. NyaMhango anadzuka, tinadula dzina lake, ndinadinda pepala, anaviika chala. Analowa kuseri, ndipo ine ndinayang'ana padi ya inki mpaka anatuluka.

Madzulo titatseka, tinamata makamwa a mabokosi ndi phula kuti tiwasenze kupita ku Landirova, popeza kuwerenga kunkachitikira ku boma. Atcheya anandipeza ndili ndekha ndikumanga mapepala otsala.

"Iwe mwana wa kwa Achewa, unali pafupi. Mkamwana wanga anapita mbali iti?"

"Sindinaone, adada."

"Ngakhale phokoso la mapazi?"

"Ndinkadinda mapepala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa nthochi ina n'kuchoka. M'njira ndinapepesa kwa a Msiska chifukwa cha chidindo chija. Iwo anangoti, "Walira mvula walira matope. Ukafuna kutseka mpata, yamba wapeza chifukwa chimene mwini mphamvu sangachikane pagulu." Anandiuzanso kuti mtima unkawapweteka chifukwa cha anthu amene anavota m'mawa mpata uli wotsegula, ndipo zimenezo sanazibise.

Mphunzitsi uja ndiye anapambana. Ndinamva kuti pakhomo pa atcheya panali kulozana zala kwa miyezi, koma panalibe amene akanaima n'kunena kuti ndinaona ndi maso anga. Ine ndinapitiriza kugwira ntchito za chisankho zaka zambiri, mpaka m'nthawi ya mapepala ochonga, ndipo kulikonse kumene ndinkapita, ndisanatsegule khomo ndinkayamba ndagwada pansi kuona chimene munthu wokhala pakampando angaone. Anzanga ankandiseka.

Patapita zaka ndinakumana ndi NyaMhango pa msika wa Rumphi, akugulitsa nyemba. Ana ake onse anali naye, wamkulu atavala yunifolomu ya sekondale. Tinapatsana moni, tinaseka za benchi. Kenako anandikokera pambali n'kutsitsa mawu.

"Amama, mukufuna ndikuuzeni kumene ndinaponya?"

Kunena zoona, ndinkafunitsitsa. Koma ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Ayi, musandiuze. Ntchito imene ndinapitira kuphiri kuja inali yoti ndisadziwe."