Bwererani, Galu wa a Gideoni

A Gideoni ankakhala kumapeto kwa mudzi, pamene njira ya ku Malomo imatsikira kudambo. Kuseri kwa nyumba yawo anazinga mpanda wa khonje ndi waya wakale wa kuesiteti, ndipo m'menemo munkagona agalu opanda eni. Ena anasiyidwa ndi matenanti a fodya pobwerera kwawo, ena anatoledwa kumsika ali mphere zokhazokha, wina anali wa miyendo itatu. Madeya a kuchigayo ndi mafupa a kubutchala ankathera kumeneko.

Pamudzipo panalibe wokhulupirira kuti munthu angadyetse agalu otere popanda chifukwa. M'nthawi ya chipani chimodzi a Gideoni ndiwo ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani, ndipo amayi ambiri anabwerera kunyumba madengu ali pamutu chifukwa cha iwo. Zipani zitachuluka, anthu anasiya kuwapatsa moni. Akazi awo anapita kukaona abale ku Dowa, osabweranso. Ndiye ena ankati agaluwo ndi alonda, poti mwini wake akudziwa zimene anachita. Ena ankanong'ona kuti si onse m'menemo amene ali agalu enieni.

Lidia anazipeza nkhanizi zili kale. Iye anali wa ku Msakambewa, anabwera pa chitengwa, ndipo nyumba imene mwamuna wake Aroni anamanga inayang'anizana ndi mpanda wa agaluwo. Aroniyo anali atapita ku Kasungu kukagwira ntchito ya fodya. Lidia anatsala ndi mwana wake Tikondwe, pakati pa achibale a mwamuna amene ankamuyeza ndi maso kuyambira pa mchere wa ndiwo mpaka pa kayendedwe.

Kwathu kuno dzina la galu silikhala la galu yekha. Munthu akafuna kuuza mnansi mawu opweteka osamuyang'ana kumaso, amawapachika pa galu n'kumaitana tsiku lonse. Mwa agalu a a Gideoni analipo Mudzatopa, analipo Nenani, ndipo aliyense ankadziwa kuti amenewo ndi mawu opita kwa mudzi wonse. Koma Lidia atangofika kunabweranso galu wina wamkazi, wofiirira, nthiti zili pamtunda. Dzuwa likapendeka, a Gideoni ankaima ndi beseni la madeya, nkhope italoza kunyumba kwa Lidia, n'kumaitana galuyo.

"Bwererani! Bwererani!"

"Mwamva, alamu?" anatero Margareta, mlongo wake wa Aroni, akuseka. "Ngakhale wamakadi akuti mubwerere kwanu. Munaonapo galu akuitanidwa mwaulemu ngati apongozi? Akunena inu ameneyo."

Kuyambira pamenepo dzuwa likapendeka Lidia ankalowa m'nyumba.

Kenaka kunamveka za chiwewe kumidzi ya kuphiri. Kutchalitchi analengeza kuti a zanyama abwera kudibi: galu womangidwa amubaya katemera, woyenda yekha kapena amene waluma munthu amuwombera. Masiku omwewo Tikondwe, amene anali atangoyamba kuyenda, anazemba n'kukafika kumpanda kuja. Anabwera akulira, magazi ali pamwendo. Lidia anaona zonse ali pamtondo: waya ndiwo unamukola, galu wofiirirayo anangoima chapatali akugwedeza mchira.

"Walumidwa," anatero Margareta asanayang'ane n'komwe bala. "Mawa mukanene kudibi."

"Ndi waya, alamu."

"Waya uli ndi mano? Mukufuna achimwene adzapeze mwana akuuwa? Mukangonena inu, mfuti iyamba ndi ameneyo, enawo atsatira. Tipume."

Lidia anatsuka balalo ndi madzi amchere. Anadziwa kuti mawu ake amodzi akhoza kuthetsa dzina lija, asadzalimvenso.

M'mawa anaberekera mwana n'kudzera kwa a Gideoni. Anawapeza akupota zingwe za khonje pantchafu, agalu atawazungulira.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Iwo anayang'ana kumbuyo kaye, ngati moniyo ndi wa munthu wina. "Ndadzuka, amake Tikondwe. Mwendo wa mwana uli bwanji? Waya uja ndaupinda."

Ndiye kuti amaona zonse za pakhomo pake. Lidia analoza wofiirira uja. "Galu uyu, dzina lakeli mumanena ndani?"

"Ameneyu? Ndinamupeza pa Malomo akuthamangira lole imene inanyamula mbuye wake. Lole itamusiya, anatsata ine. Njira yonse ndinkangoti bwererani, bwererani. Pofika pano anali akuyankha."

"Nanga ulemuwo?"

"Anthu anasiya kuulandira, mayi. Ndiusunge uwole?"

Lidia anawayang'anitsitsa. Munthu amene anakalambira pachipata cha msika sasowa choyankha. Ndipo Mudzatopa ndi Nenani nawonso anathamangira lole?

Kudibi kunali phokoso, agalu a midzi yonse akukokana pazingwe. A Gideoni anafika ndi awo atawamanga m'manja ndi m'chiuno, ndipo anthu anawapatukira kutali. Margareta sanadikire. Anapita kwa bambo wa zanyama, amene mnzake anali atakoleka mfuti paphewa, n'kuloza Lidia.

"Mayi, akuti mwana wanu walumidwa," anatero bamboyo. "Galu wake ndi uti?"

Maso onse anagwera pa Lidia, chinthu chimene iye ankachiopa kuposa njoka. A Gideoni anangoyang'ana pansi, osapempha kanthu. Nthawi yomweyo kumsewu kunadutsa lole ya mabelo. Agalu ena sanaisamale, koma wofiirira uja anaimika makutu, n'kukoka chingwe mpaka kutsamwa, akulira kamawu kakang'ono kufikira fumbi litatha.

"Ndi waya," anatero Lidia.

"Kwezani mawu, mayi."

"Ndati ndi waya. Ndinaona ndekha."

Bamboyo anayang'ana balalo, n'kuvomera ndi mutu. Anabaya agalu onse a a Gideoni, aliyense n'kumupaka penti pamutu. Margareta anatsonya, ndipo njira yonse yobwerera anayenda patsogolo, osatembenuka.

Tsikulo dzuwa litapendeka Lidia sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde akusankha nyemba, khutu lili kumpanda, poti sanali wotsimikiza ngati wapulumutsa galu kapena wangothandiza munthu wochenjera. A Gideoni anatuluka ndi beseni lawo, nkhope italoza komwe kuja. Anakhosomola kaye, n'kuyesa dzina latsopano.

"Khalani. Khalani."

Galu wofiirirayo anali atagona pansi pa mbawa, penti ili pamphumi. Sanagwedeze ngakhale khutu. Anzake anayamba kudya, madeya akuchepa. A Gideoni anayesanso kangapo, kenaka anaponya diso kukhonde kwa Lidia, n'kuwerama, n'kuitana pansipansi ngati akuba:

"Bwererani."

Galuyo anadzambatuka n'kuthamangira kubeseni.