Mankhwala a mufiliji ya apongozi

Chilonda chinali kuseri kwa ntchafu, pamalo oti ngakhale mkazi wako umamuonetsa monyinyirika. Shuga ndi amene ankachiletsa kupola. Adokotala a mtauni sanandibisire: chikapitirira kudya mnofu, mwendo uchoka.

Anandipatsa mankhwala achilendo m'timabotolo. Phala limalimba likazizira, koma awa ankachita zosiyana. Ali ozizira anali madzi, akangomva kutentha kwa thupi ankaundana n'kumata pachilonda, kenako n'kumatulutsa mphamvu yake pang'onopang'ono. "Muzisunga mufiliji, aphunzitsi," anatero anamwino.

Ine filiji ndinalibe. Pafupi ndi kwathu ku Nathenje inalipo imodzi yokha, ya apongozi anga, mayi a mkazi wanga, yosungira zakumwa zogulitsa. Chikwatirireni, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, moni n'kumaponyerana chapatali.

Botolo loyamba mwana wathu anabwera nalo m'thumba la kabudula, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Linafika litaundana kale, osatheka kuthira. Ndinakalipa mpaka nkhuku kuthawa, koma zinali zachidziwikire: wodwala ndiye aziyendera filiji. Ndinayamba kukagona chafufumimba m'chipinda chawo chosungira chimanga, mkazi wanga akuthira, apongozi atathawira kudimba.

Kenako mkazi wanga anapita kumaliro ku Mitundu, minibasi n'kuwafera pobwerera. Chilonda chinafunika kutsukidwa tsiku lomwelo. Ndinadzitsekera m'chipindamo, ndikudzipinda ngati njoka, koma dzanja silinkafika. Botolo linaundanira m'manja mwanga. Ndinatukwana mokweza, kuiwala kuti ndili kwa eni.

Kunja kunamveka kutsokomola kwa apongozi.

"Bambo, mabotolo otsala ndi angati?"

"Awiri, amayi."

"Ndiye gonani. Fundani chitenje kumutu."

Ndinafunda. Ndinamva chitseko, kenako madzi, kenako kuzizira kwa mankhwala kukusanduka kufunda. Ine ndinalira m'chitenjemo, osati ndi ululu ayi, koma manyazi, bambo wa ana anayi matako ali pamtunda.

Potuluka anangoti, "Mwendo ndi umene ndauona. Inuyo sindinakuoneni."

Chilonda chinapola. Mkazi wanga mpaka lero amayesa kuti tsiku lija ndinadzithira ndekha. Apongozi atamwalira, anthu anandiyamikira kuti ndinali mkamwini waulemu, woti sanayandikirepo apongozi ake. Ndinangowerama, nditaima ndi miyendo yonse iwiri, zikomo ndisanawauze malemuwo.