Makoma a Miyala a Mtsatamadzi

Pa 14 Disembala chaka chathachi, kapitawo wa okonza msewu wa m'phiri analamula kuti ngalande yatsopano izitayira madzi kumutu kwa chigwembe cha a Mtsatamadzi. Sanafunse munthu. Anangoloza ndi ambulera, makasu n'kuyamba.

Dzina limeneli anawapatsa ndi akazi awo. Mvula ikayamba, anzawo akuthawira pakhonde, iwo amafunda thumba la feteleza n'kukwera phiri kukaona kumene madzi akudzera. Zaka makumi awiri zapitazo chigwembecho chinali chakuya moti mbuzi ikagweramo ankangoimva kulira, ndipo chaka chilichonse chinkameza mizere iwiri ya munda wawo.

Anansi ankathira miyala kumunsi, kumene kunkaopsa m'maso, madzi n'kuikokolola. A Mtsatamadzi anayambira kumtunda, kumene madzi amakhala asanakule mphamvu. Amamanga khoma la miyala lolekeza m'bondo, osapitirira, pakati n'kusiya potsika kuti madzi adutse atatula dothi. Dothi likadzaza amabzalapo nthochi, n'kutsika mapazi khumi kukamanga lina. Lero makomawo alipo makumi anayi ndi atatu, ndipo m'mene munkalira mbuzi muli mthunzi.

"Bambo a ana, anzanu akukalamba ndi ndodo, inu ndi miyala," amatero akazi awo.

"Nanga nthochi mukusendayo yamera pa ndodo?"

Tsiku la ngalandelo anakwera kumsewu, chipewa kumanja.

"Achimwene, mbali ino njotsetsereka, dothi lake ndi lofewa. Katayireni madziwa pathanthwe apo. Ndi mapazi makumi atatu basi."

"Madala, pepala lanena pano," anatero kapitawo.

"Pepalalo linanyowapo ndi mvula ya phiri lino?"

Okumbawo anaseka mpaka kutsamira makasu, koma ngalande inakumbidwa pomwepo.

Mvula ya pa 2 Januwale inagwetsa makoma atatu akumtunda, nthochi zisanu n'kupita nawo. M'mawa mwake a Mtsatamadzi anali kale m'matope, akutola miyala uku akuimba mluzu. Mwala uliwonse amaudziwa pamene unali. Sabata isanathe makoma anaimanso, iwo n'kukhala pa lapamwamba kumwa tiyi amene akazi awo anabweretsa.

"Madzi sukangana nawo," anawauza. "Umangowatopetsa."

Mtima wotero ndi wawo, koma okonza msewu asabisale kumbuyo kwake. Makoma aja anamangidwira madzi a mbali imodzi ya phiri, osati a msewu wonse, ndipo manja amene amawamanga akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Makalata awiri odandaula apita kale ku ofesi ya misewu, pa 5 ndi pa 19 Januwale, koma kuli zii. Ofesiyo iyankhe, ndipo iyankhe polemba: ngalandeyo isunthidwira pathanthwe tsiku liti?