Madzi a mu Zbruch

Botolo lija ndinalipeza m'kabati ya kukhitchini Loweruka lina, ndikukonza m'nyumba mwathu ku Wigston. Silinalembedwe kanthu. Ndinangoti ndi madzi ogonera, n'kuwakhuthulira mu sinki.

Nthawi imeneyo tinkasunga mayi ena othawa nkhondo ku Ukraine. Madzulo ake, tikusenda mbatata, anayamba kundiuza za kwawo m'Chingerezi chawo chodukaduka. Mudzi wawo uli m'mbali mwa Zbruch, mtsinje wosakula kwenikweni, woyenda mokhotakhota kulowera kummwera mpaka kukathira mu Dniester. Kale unali malire. Tsidya lina kunali ufumu wa Austria, linalo wa Russia, kenaka Poland ndi Soviet. Anthu a chilankhulo chimodzi ankaonana pochapa, koma osawoloka.

"Mu Januwale madzi amaundana," anatero. "Azibambo amasema mtanda wa ayezi, wansembe n'kudalitsa mtsinje. Tsikulo timalitcha Yorodano. Ndinatunga botolo limodzi, lili m'kabati mwanumu. Ndimanyowetsa milomo yokha popempherera mwana wanga amene ali kunkhondo."

Ndinasenda chala. Iwo atakwera kuchipinda, ndinatola botolo lija mu bini, n'kulidzaza pa mpopi, n'kulibwezera.

Sabata yonseyo mtima sunakhale m'malo. M'basi yopita kuntchito ku Beaumont Leys ndinkakangana ndekha. Madzi ndi madzi basi, ndinkatero. Kumpingo kwathu sitidalitsa mitsinje, ndipo Ambuye amamva ngakhale pemphero la kukhosi kouma. Koma m'mawa uliwonse ndinkawaona akutsegula botolo mosamala, akumwa bodza langa. Ndikagwada, mawu osatuluka. Ndinakumbukira mfumu ija ya m'Baibulo imene inathira pansi madzi a ku Betelehemu, amene asilikali ake anakatunga poika moyo wawo pachiswe. Koma iyo inathirira Yehova, podziwa mtengo wake. Ine ndinkangofuna kabati yooneka bwino.

Lachisanu ndinalephera kupirira.

"Mayi, ndakulakwirani. Madzi anu ndinataya. Awa ndi a pampopi."

"Onse?"

"Onse."

Anakhala pampando, osavula jekete.

"N'chifukwa chake Zbruch wayamba kununkha mankhwala," anatero, osaseka.

Tsiku limenelo sanadye nafe. Lotsatira lakenso ayi. Lamulungu m'mawa, ndikumanga duku, anagogoda pachitseko changa.

"Mtsinje wanga mwataya, ndiye mugwire ntchito yake. Bwerani tigwade. Koma muyambe mwaphunzira kutchula bwino dzina la mwana wanga."

Ndinalilakwitsa kanayi. Kachisanu anagwedeza mutu movomereza, ndipo tinagwada.