Kakhadi ka Mvula Kokhala ndi Poyera Pakati

Ababa, mvula yoyamba yagwa lero kuno ku Lobi, ndiye ndakumbuka kakhadi kanu kaja. Inali nthawi ya chipani chimodzi, achimwene atathawa m'dziko muno, dzina lawo tikuopa kulitchula ngakhale m'nyumba. Inu munkagwira ntchito yosindikiza mabuku ku mishoni. Tsiku lina munabwera ndi kakhadi mutasindikizapo ndakatulo ya mvula, mawu ake akutsika ngati madontho, koma pakati mutasiyapo poyera. Ine wapasukulu ndinawerenga mokweza mpaka pansi, n'kunena kuti makina adumpha.

Amayi, osadziwa kuwerenga, anakalandira n'kukayang'anira chapatali. Kenaka anafuula kuti, "Uyu si mwana wanga uyu? Taonani phewa lopendekekalo!" Nditayang'ananso, poyera paja panali munthu ataima pamvula, mawu onse akumulambalala. Inu munangoti, "Tsitsani mawu, a Naphiri." Mpaka lero ndimazizwa nanu, Ababa, pamene mukuusa kumeneko. Achimwene munawabweretsa kunyumba osalemba dzina lawo, ndipo ngakhale dontho limodzi silinawagwere.