Katswiri wa ku Lilongwe Wafufuta Moni wa Wongani

Kompyuta ya mu ofesi yathu yotayipira makalata pano pa Mzimba boma yafa. Siinadwale ayi. Yaphedwa ndi munthu wovala taye.

Ine ndine wotayipa. Ku koleji ndinakhalako, kenako ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Makinawa ankawayendetsa ndi mkulu wanga Wongani, mpaka tsiku lomwe anthu a galimoto yopanda nambala anamutenga kuti akayankhe timafunso pang'ono. Timafunsoto tiyenera kuti n'tambiri. Chaka chachiwiri chino.

Wongani anawaphunzitsa ulemu makinawo. Ukawayatsa, asanachite china chilichonse, ankalemba m'Chitumbuka kuti: "Monire mose. Tichali ŵamoyo." Amama sadziwa kuwerenga, koma mwezi ukatha amakwera matola ku Euthini kudzaona mawuwo akutuluka. Amakhala pabenchi, ine n'kuyatsa, iwo n'kuyankha kuti yewo mwana wane, mbwenu basi abwerera kumudzi.

Lolemba m'mawa kunabwera katswiri wa kampani yomwe inatigulitsa makinawa. Anati diski yadzaza, choncho atiikira kasungidwe katsopano ka mafayilo, kopanikiza zonse kuti malo achuluke. Ndinafunsa ngati sitiyamba takopera zonse pa madisiketi. Anati zimenezo amachita ndi anthu amantha.

Anayatsa. Moni unatuluka. Munthu wolimba mtima uja anayang'ana kukhomo, anayang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, kenako anandinong'oneza kuti mawuwo akuti chiyani. Ndinamasulira m'Chichewa: moni nonse, tikadali amoyo. Anafunsa kuti amoyowo ndani, nanga akuuza yani. Ndinati ndi moni chabe, bwana.

Anagwira ntchito yake chamumtima. Atatha kupanikiza diski, anati iye ali ndi ana, sangasayine kuti wakonza makina olankhula zotere. Anafufuta fayilo ya moni ija. Anafufutanso mafayilo onse oyandikana nayo, kuopa kuti mwina ndi gulu limodzi. Anazimitsa. Anayatsa.

Mdima. Pakona pokha kachizindikiro kakuphethira, ngati munthu wofuna kunena kanthu koma waona wina ataima pazenera.

Anati vuto ndi magetsi a kuno kumpoto. Babu linali likuyaka pamutu pake. Anati ndiye ndi fumbi. Tinatsegula, tinauzira, tinakankha zingwe zonse. Mdima womwewo. Anayatsira pa disiketi yake, makina n'kudzuka, koma m'diski munangooneka chifayilo chimodzi chachikulu chosatseguka. Zonse za Wongani zili m'menemo. Chotsegulira chake chinali pakati pa mafayilo anzake a moni aja, omwe anawafufuta.

Ndinamupempha kuti achibwezere. Anati pamafunika chilolezo cha abwana ake. Itakwana 2 koloko anati akukagula fodya. Wogulitsa nthochi ku depoti akuti anamuona akukwera basi ya ku Lilongwe yodzera ku Jenda, taye ali m'thumba.

Lachitatu ndinaimba foni ku kampaniko. Mayi wolandira mafoni anati katswiri ali pamsonkhano. Lachinayi anali akadali pamsonkhano womwewo. Mayiyo anandilangiza mokoma mtima kuti ndingopukuta diski yonse n'kuyambiranso, makina adzakhala ngati atsopano.

Ngati atsopano. Kodi ndani anakuuzani kuti tikufuna atsopano? Kodi kusukulu kwanuko amaphunzitsa kuti fayilo ikakuopsa uzifufuta ndi abale ake omwe? Nanga munthu woopa moni mumamutumiranji kwa anthu opatsana moni?

M'mawa uliwonse ndimayatsabe. Kachizindikiro kaja kamandiyang'ana, ine n'kumakayang'ana. Nthawi zina ndimapezeka ndapereka moni ndine.

Makina akadzuka, mawuwo ndikhoza kuwalembanso, ndimawadziwa pamtima. Koma amama adzafunsa ngati walemba ndi Wongani, ndipo pa nkhani ya Wongani anamizidwa kale mokwanira.

Inu a mishoni, a masitolo, nonse okhala ndi makina: munthu wa taye akafika, koperani kaye zanu, ndipo musamumasulire kanthu.

Inu a kampani, mwezi ukutha Loweruka. Bwerani ndi chotsegulira chija. Mukalephera, bweranibe. Benchi ilipo. Mudzakhale pafupi ndi amama, muyatse nokha, muwafotokozere chifukwa chake mwana wawo wasiya kuyankha.